Bilu ya madzi inkangokwera, vuto linali m'thanki ya chimbudzi

Bilu ya madzi kwathu ku Chilomoni inkangokwera, chonsecho sitinkagwiritsa ntchito madzi ambiri kuposa kale. Zinkandiwawa, poti madziwa amachita kuwapopa kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire mpaka kuno kumtunda. Ndinasintha mawasha a mipopi, tinasiya shawa n'kumasamba m'ndowa, koma ayi ndithu.

Kenako ndinatseka mipopi yonse n'kukayang'ana mita. Inkayendabe pang'onopang'ono. Nditatseka kampopi kolowetsa madzi m'thanki ya chimbudzi chogejemula, inaima.

Chimene chinanditsimikizira ndi utoto wothira m'makeke uja. Ndinadonthezera pang'ono m'thanki, osagejemula kwa mphindi 20. Madzi a m'chimbudzi anafiira. Labala wotseka pansi pa thanki anali atauma, madzi akungotsetsereka usana ndi usiku osamveka n'komwe. Ndi maso okha simungazindikire, choncho yambani ndi utotowu musanawononge ndalama pa zina.

Labala watsopano ndinakagula m'sitolo ya hadiweya ku Limbe, ndi wotchipa. Tengani wakaleyo kuti akupatseni wofanana naye. Ntchito yonse inangofuna sipanala ndi tepi yoyera ya mapaipi. Ndinatsitsanso kampira koyandama kuti madzi asamafike pa paipi yosefukira. Mita tsopano imaima tikatseka mipopi.