Momwe mungauzire makolo kuti mwana wawo ali ndi matenda a magazi a sickle cell

Zotsatira za magazi zatuluka, ndipo inu anamwino ndi amene mukalankhule ndi makolo. Musayambire pabedi pomwe wodi yonse yatchera khutu. Pezani kachipinda, muitane bambo ndi mayi limodzi. Mukauza mayi yekha, nkhaniyi ikafika kwa apongozi itasanduka "matenda a kwawo kwa mkaziyu".

Yambani ndi funso: "Bambo, mayi, kunyumba akuti chikumuvuta mwanayu n'chiyani?" Mumva za tsempho kapena kulodzedwa. Musaseke, mvetserani mpaka amalize.

Kenako tulutsani nyemba zinayi, ziwiri zoyera, ziwiri zofiira. Bambo apatseni yoyera ndi yofiira, mayinso chimodzimodzi. Yofiirayo ndiyo mbewu ya matendawa, yomwe aliyense wa iwo anabadwa nayo osadziwa. Afumbate, atulutse imodzimodzi osayang'ana. Zofiira zikakumana, ameneyo ndi mwana wodwala. Yofiira ikakhala imodzi, mwana wangonyamula mbewuyo ngati makolo ake. Zoyera zokhazokha, alibe chilichonse.

Apa musathamange. Abwezereni nyembazo, achitenso kangapo, aone okha kuti mwayi wa 1 mwa 4 umayambiranso pa mimba iliyonse. Ena akamva "mmodzi mwa anayi" amaganiza kuti atatu otsatirawo apulumuka kale. Nyembazo zimawaonetsanso bambo kuti popanda yofiira yawo mwana sakanadwala, inu osawaloza chala.

Za m'thupi nenani mwachidule: maselo ofiira amapindika ngati chisikilo, amatseka timitsempha, n'chifukwa chake ululu, ndipo amafa msanga, magazi n'kumachepa. Matendawa sapatsirana, anzake azisewera naye.

Ndiye zokachita kunyumba. Madzi akumwa ambiri, kugona m'neti, mankhwala monga folic acid ndi penicillin azimwa momwe adokotala alembera. Kuzizira kwa kuno ku Mzuzu mu June ndi July kumadzutsa ululu, choncho juzi, sokosi ndi madzi ofunda osamba zisasowe. Thupi likatentha, manja ndi mapazi zikatupa, zikhatho zikayera kapena akamapuma movutika, athamangire kuchipatala ngakhale usiku, kaya ku Mapale kaya ku Mzuzu Central ku Luwinga.

"Tamva" wa pachipatala musamukhulupirire msanga. Apempheni akufotokozereni okha ndi nyemba zomwezo, ndipo ngati agogo abwera nawo amamasuka m'Chitumbuka, itanani mnzanu wochidziwa. Lembani tsiku lodzabweranso m'buku la kuchipatala, muwauze adzatenge abale ake a mwanayo kuti nawonso adzayezedwe.