Momwe mungakompailire pulogalamu nokha pa Linux kuchokera ku source code

Anzanga ambiri kuno ku Chipata amene munaika Ubuntu pa malaputopu akale aja mumadziwa apt install chabe, ndiye pulogalamu ikasowa mu apt, olo ilipo koma ndi yakalekale, mumangosiya. Njira ina ilipo, kutenga source code (malemba a pulogalamu monga mmene eni ake anailembera) n'kumanga nokha, ndiko kukompaila kumene. Tiyeni tiyese ndi nano, kapulogalamu kolembera mu terminal, chifukwa n'kakang'ono sikadya bando.

Yambani ndi zida. Lembani sudo apt update, kenako sudo apt install build-essential. Mmenemo mumabwera gcc, g++ ndi make, zida zomangira pulogalamu. Izi ndiye zimadyako data, ngati muli ndi bando ya usiku chitani nthawi imeneyo, ndi kamodzi basi.

Pitani pa nano-editor.org mudawunilode failo yothera ndi .tar.xz, mwachitsanzo nano-8.0.tar.xz. Imasuleni ndi tar -xf nano-8.0.tar.xz, mulowe mu foda ndi cd nano-8.0. Muli mafailo awiri, README ndi INSTALL, awerengeni chonde, eni pulogalamu analembamo zimene imafuna.

Tsopano lembani ./configure. Apa ndi pamene anthu ambiri amagwa ulesi. Configure sikumanga kanthu, ikungoyang'ana ngati kompyuta yanu ili ndi zonse zofunika, ndiye mizere imathamanga yambirimbiri yoyamba ndi checking, osachita mantha, imene ikukukhudzani ndi yomalizira yokha. Ikaima ndi error werengani mizere itatu kapena inayi yapansi, dzina la chimene chikusowa limakhala pomwepo. Nano imafuna ncurses, imene ndi library (chidutswa cha pulogalamu chimene mapulogalamu ena amadalira), ndiye mulemba sudo apt install libncurses-dev n'kubwereza ./configure. Mwaona ka -dev ako? Library ikhoza kukhalamo kale mu kompyuta, koma pokompaila pamafunika ma header ake (timafailo tofotokoza zimene zili mu library), amene pa Ubuntu ndi Debian amabwera mu phukusi lothera ndi -dev. Nthawi zina mubwereza kangapo, ichi chasowa mwaika, china chasowanso mwaika, ndi mmene zimakhalira.

Configure ikadutsa bwino lembani make, popanda sudo, apa ndi pamene pulogalamu imamangidwa. Kuti ifulumire lembani nproc muone ma core (mbali za processor zimene zimagwira ntchito nthawi imodzi) muli nawo angati, akakhala 4 ndiye make -j4. Laputopu imatentha pamenepa, makamaka ndi dzuwa la Okutobala, muiike pa tebulo osati pa bedi. Malaiti akathima batire n'kutha muli pakati, musayambe poyambira, lowaninso mu foda muja mulembe make, imapitiriza pamene inalekera. Ikadandaula za failo yoonongeka ndiye make clean kenako make.

Pomaliza sudo make install. Imaika pulogalamu mu /usr/local/bin, sikhudza nano ya apt imene ili mu /usr/bin. Tsegulani terminal yatsopano mulembe which nano ndi nano --version mutsimikize. Ngati kompyuta ndi yakuntchito mulibe password ya sudo, yambani ndi ./configure --prefix=$HOME/.local, ndiye make install imalowa mu foda yanu popanda sudo, bola zida zija zilimo kale.

Foda ya source ija musaifufute. Apt sidziwa kuti mwaika chinthu, siidzachichotsa olo kuchikonza version yatsopano ikatuluka, zonsezo ndi inu. Pochotsa mumalowa mu foda momwemo n'kulemba sudo make uninstall. Mapulogalamu ena alibe configure, amagwiritsa ntchito cmake kapena meson, README idzakuuzani zoti mulembe.