Mphaka wasiya kung'amba sofa

Mphaka amakanda kuti achotse zikhadabo zakutha, adziwongole ndi kusiya fungo lake. Kumukalipira sikuthandiza, amafunika pokanda pake.

Mtengo woyamba umene ndinamukhomera unali wa masentimita 40, wogwederanso. Sanaukhudze n'komwe. Ukafupika satambasuka msana, ukagwedera amauopa.

Wachiwiri ndinatenga mtengo wa masentimita 7.5 mbali zonse, wotalika masentimita 80. Ndinaumangirira pakati pa thabwa la masentimita 50 mbali zonse ndi masikuluwu anayi olowera pansi. Kenako ndinaukulunga ndi chingwe cha khonje cha mamilimita 8, chinapita mamita pafupifupi 30. Kulungani mothina, mukugogoda ndi hamala mizere isanu iliyonse kuti pasakhale mipata. Misomali ikhale poyambira ndi pomalizira pokha, mitu yake imire mkati, apo ayi imathyola zikhadabo. Chingwe chikamanunkha mafuta, chiyanikeni kaye panja. Nayiloni ayi, imaterera.

Malo ndi ofunika kwambiri. Ndinauimika pafupi ndi ngodya ya sofa imene ankakanda, ngodyayo n'kuimata tepi yomata mbali zonse ziwiri, poti mphaka amadana ndi zonanda kumapazi. Tepiyo muichotse akazolowera mtengo.