Katundu wa mayina otchuka: momwe mungadziwire ngati akuyenera mtengo wake

Mtengo wa chikwama cha Gucci, wotchi ya Rolex kapena nsapato za Church's uli ndi magawo atatu, ndipo musanatulutse ndalama muyenera kuwalekanitsa. Gawo loyamba ndi chinthucho: chikopa, nsalu, chitsulo, ndi maola amene mmisiri wathera pochipanga. Lachiwiri ndi zimene kampani idzakuchitireni mukagula: waranti, kukonza chikawonongeka, kupezeka kwa masipeya pakatha zaka khumi. Lachitatu ndi dzina, ndiye kuti ndalama zotsatsira malonda, lendi ya masitolo m'misewu yodula ya ku Paris ndi Milan, ndi phindu. Magawo awiri oyambawo mungathe kuwayeza ndi maso, zala ndi mafunso ochepa. Lachitatu siliyezeka, koma kawirikawiri ndilo lalikulu.

Kukula kwake si chinsinsi. Malipoti apachaka a LVMH, mwini wa Louis Vuitton, Dior ndi Tiffany, komanso a Hermès, amasonyeza kuti pa ndalama 100 zilizonse zimene apeza pogulitsa, pafupifupi 30 zokha ndizo zimapita popanga katunduyo. Mu 2024 zikalata za khoti la ku Milan zinasonyeza kuti fakitale ina inkalipidwa mayuro 53 posoka chikwama chimene Dior inkagulitsa pa mayuro pafupifupi 2,600. Pa 53 imeneyo chikopa sichinawerengedwe, komabe mpata wake ndi waukulu zedi. Nchifukwa chake ubwino ndi mtengo zimayendera limodzi mpaka pakatikati pokha. Kuchoka pa chotchipitsitsa kufika pa chabwino chamtengo wapakati, kusiyana kumaoneka ndi maso. Kupitirira apo mtengo umawirikiza kasanu kapena kakhumi pamene ubwino ukungokwera pang'ono, mwina osakwera n'komwe.

Yambani ndi kuwerengera

Gawani ndalama zonse zimene chinthu chidzakudyereni ndi masiku amene mudzachigwiritse ntchito. Tiyerekeze nsapato zitatu, zonse zovalidwa masiku 150 pachaka. Ya madola 60 yomata ndi guluu ikatha m'chaka chimodzi, tsiku lililonse lakudyerani masenti 40. Ya madola 400 yosokedwa bwino, imene mwaisinthitsa soli katatu pa madola 80 ulendo uliwonse n'kukhala zaka khumi, yakudyerani madola 640 pa masiku 1,500, pafupifupi masenti 43 patsiku. Onani kuti ziwirizi zangofanana. Yodulayo sinakupulumutsireni ndalama, koma mwayenda zaka khumi phazi lili pabwino, nsapato ikuoneka bwino. Tsono ya madola 900 ya dzina la mafashoni, yomatanso ndi guluu, ikatha m'zaka ziwiri, tsiku lililonse ndi madola atatu.

Ambiri amalakwitsa powerenga masiku. Chinthu chodula kwambiri munthu amachiopa, amachisungira masiku apadera, ndipo chimene amati adzavala masiku 150 amangovala masiku 10. Werengani masiku enieni, ndipo musaiwale ndalama zosamalira.

Nsapato ndi zikwama

Tembenuzani nsapato muone kunsi. Pali njira zitatu zodziwika kwambiri zolumikizira soli. Yoyamba ndi kungomata ndi guluu, ndipo nsapato zambiri, kuphatikizapo za mayina akuluakulu, n'zotero. Kutentha ndi madzi zimafooketsa guluuyo, nsapato n'kuyasama kutsogolo. Samalaninso ndi soli yopepuka ya pulasitiki yotchedwa polyurethane: imamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo pakapita zaka zingapo imanyenyeka ngakhale nsapatoyo yangokhala m'bokosi osavalidwa.

Yachiwiri amati Blake. Ulusi umaboola soli mpaka kulowa mkati mwa nsapato, ndipo mukasuzumira mkatimo mumaona mzere wa ulusi kuzungulira m'mbali. Imakhala yopepuka ndi yofewa, koma madzi amalowera m'mabowo a ulusiwo, komanso kusintha soli kumafuna makina apadera amene si wosoka nsapato aliyense ali nawo.

Yachitatu ndi Goodyear welt, njira imene makina ake anayamba kugwira ntchito cha m'ma 1870, ndipo makampani a ku Northampton ku England monga Crockett & Jones ndi Tricker's amadziwika nayo. Kalamba kachikopa kamasokedwa kuzungulira nsapato, kenako soli imasokedwa pa kalambako. Soli ikatha, mmisiri amangodula ulusi wakunja n'kusoka ina osakhudza chikopa chapamwamba, ndipo zimenezi zingachitike kangapo. Apa ndi pamene ndalama zowonjezera zimagula chinthu chenicheni. Koma pali nsapato zokhala ndi kalamba kabodza kongomatidwa, ulusi wake wokongoletsa chabe. Yerekezani ulusi wa pamwamba pa kalambako ndi wa kunsi kwa soli: uyenera kukhala pamzere umodzi, mipata yake yofanana. Opanga ena abwino amabisa ulusi wakunsiwo m'kangalande kotsekedwa, choncho mukapanda kuuona funsani wogulitsa dzina la kasokedweko. Akapanda kudziwa, kapena kampaniyo ikapanda kulemba paliponse, iyeseni yomata.

Chikopa nachonso chili ndi magulu. Chabwino koposa ndi full-grain, chimene khungu lake lapamwamba silinapalidwe. Chotsatira ndi chopalidwa kuti zipsera zichoke, kenako n'kupakidwa utoto wokhuthala. Pansi pake pali chikopa cha mkati chokutidwa ndi pulasitiki, ndipo chotsikitsitsa ndi bonded leather, zinyenyeswa za chikopa zoumbidwa ndi guluu. Mawu akuti genuine leather amangonena kuti muli chikopa, sanena kuti n'chagulu liti. Dinikizani ndi chala chachikulu: chikopa chabwino chimachita timakwinya ting'onoting'ono, mtundu wake n'kusintha pang'ono, ndipo timabowo ta ubweya timaoneka tosafanana. Chokutidwa chimangonyezimira mofanana paliponse, ndipo pakapita miyezi chimang'aluka popindika n'kuyamba kusupuka. Polishi sangachiritse zimenezo. Yang'ananinso m'mphepete modulidwa, ngati mukuoneka, muone ngati muli kansalu kapena kapulasitiki pamwamba. Pa katundu wachikopa ndi pamene mwambi uja umakwanira, wakuti chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Dziwaninso kuti zikwama zambiri zotchuka si zachikopa. Zikwama zabulauni za Louis Vuitton zolembedwa LV paliponse n'zansalu yokutidwa ndi pulasitiki, chikopa chili m'zogwirira ndi m'mbali mokha. Nsaluyo ndi yolimba ndithu ndipo siopa madzi, koma ikang'aluka m'makona siikonzeka.

Pa chikwama, fufuzani pamene pamalemedwa: polumikizira chogwirira, m'makona apansi, ndi pothera zipi. Pakhale msoko wobwerezedwa kapena kachitsulo kokhomerera. Msoko wa makina ukaduka pamalo amodzi umatha kusoloka mzere wonse, pamene msoko wamanja wa singano ziwiri, umene Hermès imagwiritsa ntchito pa zikwama zake zazikulu, ulusi wina ukaduka unzake umagwirabe. Tsegulani ndi kutseka zipi kakhumi. Kuseri kwa kokokera kukalembedwa YKK kapena Riri, mayina a makampani odziwika opanga zipi, n'chizindikiro chabwino. Utoto wopaka m'mphepete mwa lamba ukakhala wokhuthala ngati labala, ndiwo umayamba kung'aluka.

Suti ndi majuzi

Tsinani kutsogolo kwa jekete, pansi pa bowo lomaliza la batani, dzanja lina kunja lina mkati, ndipo kokani pang'ono. Mukamva nsalu yachitatu ikuyenda payokha pakati, jeketeyo ili ndi nsalu yolimbitsa yosokedwa, ndipo idzakhala bwino pathupi kwa zaka zambiri. Mukangomva ziwiri, yakunjayo ili yokhuthala, ndiye kuti cholimbitsacho n'chomata. Jekete yomata ikachapidwa ndi kusitidwa ndi nthunzi kambirimbiri, guluu amamatuka, pachifuwa n'kutuluka matuza amene telala sangawachotse.

Musanyengeke ndi manambala a Super, olembedwa pa nsalu yaubweya yosokera suti. Akamakwera, ulusi wa ubweyawo umakhala wowonda kwambiri. Super 150s kapena 180s ndi yofewa ndi yodula, koma imaperepeseka msanga m'zigongono ndi kumatako. Yovala kuntchito tsiku ndi tsiku ikhale ya Super 100s mpaka 120s. Ndipo suti yamtengo wapakati imene telala waikonza kuti ikukwaneni imaoneka bwino kuposa yodula yosakwana m'mapewa.

Juzi ya cashmere, ubweya wofewa wa mtundu wina wa mbuzi, ipekeseni ndi chikhatho masekondi ochepa. Ikayamba kupanga timibulu m'sitolo momwemo, ubweya wake ndi waufupi. Ikokeni pang'ono: yolukidwa bwino imabwerera m'malo mwake.

Wotchi, magalasi ndi galimoto

Ngati mukufuna nthawi yolondola, yankho ndi lachidule. Wotchi ya batire ya quartz, imene Seiko inayamba kugulitsa mu 1969, imaphonya masekondi pafupifupi 15 pamwezi. Wotchi yopanda batire yovomerezedwa ndi bungwe la COSC ku Switzerland imaloledwa kuchedwa masekondi 4 kapena kufulumira masekondi 6 patsiku, ndipo Rolex imalonjeza masekondi 2 patsiku, amene angafike mphindi yathunthu pamwezi. Chimene mumagula pa wotchi yodula ndi luso la kapangidwe, kukongola, ndi kuti imakonzeka kwa zaka makumi ambiri. Funsani dzina la makina amkati. ETA 2824 ndi Sellita SW200 amapezeka m'mawotchi amene mitengo yake imasiyana kangapo, ndipo wokonza mawotchi waluso aliyense amawadziwa. Makina opangidwa ndi kampaniyo payokha angakhale abwino kwambiri, koma masipeya ake amakhala m'manja mwa kampaniyo, ndipo mafuta amkati akauma, pakatha zaka 5 mpaka 10, mudzalipira mtengo umene yanena. Galasi likhale la sapphire, limene silikandika wamba.

Magalasi adzuwa a Ray-Ban ndi Oakley ndi a kampani ya EssilorLuxottica, yomwenso imapangira Prada, Chanel ndi Versace. Choteteza maso ndi chizindikiro cha UV400, ndipo chimapezeka ngakhale pa magalasi otchipa a kampani yodalirika. Oopsa ndi magalasi akuda opanda chitetezocho, chifukwa mumdimamo mboni ya diso imatseguka, cheza choipa n'kulowa chambiri.

Pa galimoto, Volkswagen Touareg, Audi Q7, Porsche Cayenne, Bentley Bentayga ndi Lamborghini Urus zimamangidwa pa maziko amodzi, ndipo Lexus ES ndi pachibale ndi Toyota Camry. Sikuti n'zofanana: yodulayo imakhala ndi injini ina, mipando yabwino, ndi zotchinga phokoso zambiri. Koma musanagule lembani mitengo isanu: sevisi yaikulu, matayala anayi, mabuleki akutsogolo, nyali imodzi yakutsogolo, ndi inshulansi yapachaka. Galimoto yoyendera masipuling'i a mpweya imayenda mofewa, koma timatumba take ta labala timakalamba n'kuyamba kuphwa, pampu n'kumagwira ntchito mosalekeza mpaka kupsa. Mtengo wa galimoto umagwa kwambiri m'zaka zitatu zoyamba, koma ndalama zokonzera sizigwa nawo.

Pamene dzina siligula kanthu

Pa mankhwala ogula popanda kalata ya dokotala, werengani dzina la mankhwala enieni ndi mamiligalamu kuseri kwa paketi. Mu 2016 khoti la ku Australia linalipiritsa opanga Nurofen madola a ku Australia 6 miliyoni chifukwa mapaketi awo a msana, a mutu ndi a ululu wa msambo onse anali ndi ibuprofen lysine 342 mg yemweyo, pamtengo wokwera. Chingwe cha HDMI, cholumikiza TV ndi zipangizo zina, nachonso chimangofunika kukwanitsa muyezo wa liwiro wolembedwa, monga 18 Gbps kapena 48 Gbps. Chikakwanitsa, chodula sichiwonjezera kuwala kwa chithunzi.

Dzitetezeni ku maso anu omwe

Mu 2008 ofufuza a ku California, mmodzi wa iwo Hilke Plassmann, anapatsa anthu vinyo mmodzimodzi, kwina n'kuwauza kuti ndi wa madola 10, kwina wa madola 90. Anthuwo anati wa 90 akukoma kwambiri, ndipo makina ojambula ubongo anasonyeza kuti mbali yomva kukoma inagwiradi ntchito kwambiri. Sankanama, mtengo unasintha zimene ankamva. Choncho poyerekeza zinthu ziwiri phimbani dzina ndi mtengo. Mnzanu akupatsireni nsalu ziwiri inu mutatsinzina. Mafuta onunkhira muwapopere pa timapepala tolembedwa manambala kuseri, muwanunkhize pakatha maola anayi, chifukwa fungo loyamba limatha msanga.

Kufuna dzinalo palokha si mlandu. Pali ntchito zina zimene maonekedwe amatsegula zitseko, ndipo pali anthu amene amasangalala ndi chinthu chimene anachilakalaka zaka zambiri. Chimene sitivomereza n'kuchigula pangongole, kapena kudziuza kuti mukusunga chuma. Zinthu zimene mtengo wake sugwa n'zochepa kwambiri: zikwama za Hermès zotchedwa Birkin ndi Kelly, mawotchi ena achitsulo a Rolex ndi Patek Philippe, ndipo ngakhale mawotchiwo mitengo yake yogulitsananso inafika pachimake kumayambiriro kwa 2022 kenako n'kutsika. Zina zonse zimataya gawo lalikulu la mtengo mukangotuluka nazo m'sitolo. Pitani pa intaneti muone mtengo umene chinthu chomwecho chogwiritsidwapo ntchito chinagulidwadi, osati umene ogulitsa akupempha.

Kugwa kwa mtengoku ndi mwayi kwa wogula wachiwiri, malinga atsimikize kuti si feki. Pemphani lisiti, khadi ya waranti ndi nambala ya chinthucho, ndipo muiyerekeze ndi imene yadindidwa pa chinthucho. Masitolo a outlet, ogulitsa katundu wa mayina otchuka pamtengo wotsika, muwasamale, chifukwa katundu wambiri mmenemo amapangidwira masitolo omwewo ndi zipangizo zotsikirapo, si wotsala wa m'sitolo yaikulu. Kulikonse kumene mukugula, funsani kuti chikawonongeka chimakakonzedwa kuti, zimatenga masabata angati, ndiponso waranti imakhudza ziti. Mawaranti ambiri sakhudza zipi yotha, soli yoperepeseka kapena lamba wa wotchi, ndipo zimenezo ndizo zimayamba kutha. Yankho lake alilembe pa lisiti kapena akutumizireni pa imelo musanalipire.