Mmene Mungatsukire Foni kapena Laputopu Yochokera Kunja Popanda Kuiwononga

Anthu ambiri akalandira foni kapena laputopu yochokera ku China, ku Dubai kapena kwa abale awo a ku Joni, amada nkhawa kuti mwina yabwera ndi kachilombo koyambitsa matenda. Dziwani kuti vairasi siswana kunja kwa thupi la chamoyo, ndipo ikagwera pa chinthu imangofooka mpaka kutheratu mphamvu. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine mu 2020 anapeza kuti kachilombo ka Covid-19 kankakhalitsa mpaka maola 72 pa pulasitiki, koma pa katoni sikankapitirira maola 24. Asayansi a CSIRO, bungwe la boma lofufuza za sayansi ku Australia, anakapeza kadakali ndi mphamvu pa galasi patatha masiku 28, komatu munali mu labotale, mumdima, pa madigiri 20, ndipo atakweza kutentha kufika pa madigiri 40 sikanapitirire masiku awiri. Choncho katundu amene wakhala milungu ingapo mu kontena yotentha asanatsike padoko la Beira kapena Dar es Salaam sayenera kukusowetsani tulo.

Chimene ine ndimaopa ndi manja omaliza kugwira katunduyo: wonyamula phukusi, wogulitsa amene anaiyatsa foniyo kuti muione, ndiponso makasitomala amene anaiika kukhutu poiyesa.

Mukafika nayo kunyumba, tsegulani katoniyo, muitaye, kenako musambe m'manja ndi sopo kwa masekondi 20 musanagwire kumaso. Zimitsani chipangizocho, muzule tchaja, muchotsenso kava ngati ilipo. Tengani kansalu kofewa kosayoyoka ulusi, monga kopukutira magalasi a maso, mukanyowetse pang'ono ndi alikoholo wa isopropyl (mankhwala amadzimadzi ophera tizilombo) wa 70 peresenti, amene kampani ya Apple inavomereza mu 2020 kuti angagwiritsidwe ntchito pa zipangizo zake. Pukutani galasi, kumbuyo, m'mbali ndi mabatani, ndipo pa laputopu mudutse mofatsa pa kiyibodi, kansaluko katafinyidwa bwino kuti dontho lisalowe pansi pa zilembo.

Musapopere mankhwala mwachindunji pa chipangizocho, chifukwa chinyontho chikalowa pobayira tchaja kapena m'timabowo ta sipika chimawononga zamkati. Jik ndi woopsa kwambiri, popeza amadya utoto ndi mankhwala osaoneka amene anamatidwa pa galasi politeteza. Kuyanika foni padzuwa kuti kachilombo kafe nakonso n'kulakwitsa kwakukulu, chifukwa batire ya lithium ikatenthedwa imafufuma ndipo nthawi zina imayaka. Kava ya pulasitiki muitsuke payokha ndi madzi a sopo, ndipo mudikire kuti zonse ziume bwinobwino musanayatse.