Dzina Lanu Lili ndi Nkhodolero? Chenjerani ndi Makompyuta a Kunja

A Ng'oma, a Ng'ambi ndi nonse amene muli ku Johannesburg kapena ku UK, tamverani. Za zilembo zazikulu ndi zazing'ono musavutike nazo: BANDA ndi Banda makina ambiri amati ndi munthu mmodzi, kupatula pa password. Zimene zimagwetsa anthu m'mavuto ndi nkhodolero ndi ŵ.

Tsegulani pasipoti, muone mizere iwiri ya m'munsi mwa chithunzi, ya zilembo 44 uliwonse. Pa mizere imeneyi, malamulo a ICAO, bungwe loona za maulendo a ndege padziko lonse, amangolola A mpaka Z, manambala ndi chizindikiro cha <. Nkhodolero imachotsedwa, Ng'oma n'kukhala NGOMA. Pogula tikiti ya ndege, koperani dzina pamenepo.

Ine anandilembetsa ndi ajenti wina wopezera anthu ntchito. Fomu anadzaza yekha pa foni yake, osandionetsa. Foni zina zimalemba nkhodolero yopindika (’), pamene kiyibodi ya mu ofesi imalemba yowongoka ('). Kwa ife n'chimodzimodzi, koma kwa kompyuta ndi zilembo ziwiri zosiyana. Nditapita kukafunsa za malipiro anga, mnyamata wa pa desiki analemba dzina langa kamodzi kokha, n'kunditembenuzira sikirini. Palibe. Akuti sindinalembetsepo, ndilipire ndalama ina atsegule fayilo yatsopano. Munthu ndagwira mashifiti ausiku, miyendo yatupa, lendi ikundidikira, wina n'kumandiuza kuti kulibe ine!

Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa fayilo inalipo ndithu. Mayi wina wa mu ofesi yomweyo anafufuza ndi tsiku lobadwa, dzina n'kutulukira nthawi yomweyo. Pamalo pa nkhodolero panali zinyalala izi: â€™. Makina awo akale analephera kuwerenga chilembo chochokera pa foni. Mnyamata uja sanapepese n'komwe.

Ndiye musalole ajenti adzaze fomu inu osaona, ngakhale akhale wakumudzi kwanu. Musalipire munthu chifukwa choti "kompyuta yakana". Nayenso ŵ musamulembe pa fomu za boma kapena za banki, chifukwa makina akale amamusandutsa ? kapena Åµ, lembani w wamba. Ndipo lekani zolemba dzina mosiyanasiyana, kubanki kwina, kuntchito kwina, mudzalira potumiza ndalama kumudzi.

Akakuuzani kuti simukupezeka, musachoke pa desikipo. Auzeni ayese popanda nkhodolero, kenako asiye mpata pamalo pake, zikakanika afufuze ndi tsiku lobadwa kapena nambala ya pasipoti.