Geni ya usipa yosakuonongera dzina

Ukayamba geni ya usipa kuno ku Mangochi, yamba ndi muyeso. Ndowa yomwe wagulira kwa asodzi ku Makawa ikhale yomweyo yogulitsira, osaibenthula kapena kuiponda pansi kuti ichepe. Usabise usipa wosauma pansi n'kuphimba ndi wouma pamwamba. Mayi wa ku Limbe akakapeza wowola kwawo, sabweranso, ndipo anzake onse amva.

Ine kasawala wogwidwa ndi neti ya udzudzu ndimamukana, ngakhale atsitse mtengo chotani. Ameneyo ndiye chambo cha mawa, ndipo zimandiwawa kumuona atayanikidwa pathandala.

Ngongole ya msodzi bweza tsiku lomwe munapangana. Malonda akavuta, pita ukamuuze wekha pamaso, osathimitsa foni.